Wotchi Yamtengo Wapatali pa Gombe la Nkhotakota: Chizindikiro cha Chiyani?

MAU OYAMBA

Tsiku lina, titatha msonkhano wa ansembe a m'dera lathu, tidakhala pakhonde podikira chakudya chamasana, ndipo nkhani idagwera pa mphatso zimene ansembe atsopano amalandira pa tsiku la kudzozedwa kwao. Mmodzi mwa akuluakulu athu adati masiku ake mphatso yaikulu idali njinga yakapalasa, koma lero wamva kuti ena akulandira mawotchi amene mtengo wake ungathe kufolera tchalitchi cha kumudzi ndi malata. Mnzathu wina adaŵayankha moseka kuti: "Bambo, zimenezo nza ku Ulaya. Kuno kunyanja inu mudaiona kuti wotchi yotero?" Tonse tidaseka, nsima nkubwera, nkhani nkuthera pomwepo. Koma funsolo silidatichoke m'mutu, pakuti lidali lakuya kuposa m'mene mwini wake ankaganizira.

M'nkhani ino tifuna kuliyankha mofatsa. Mfundo imene tiimepo ndi iyi: wotchi yeniyeni yamtengo wapatali imaoneka mwa kamodzikamodzi kwambiri pa gombe la Nkhotakota, koma chifaniziro chake chili ponseponse, ndipo chifukwa choti njosoŵa, ikaoneka imalankhula mokweza. Tsono munthu amene ntchito yake yonse ndi ya zizindikiro, ndiye wansembe, sangathe kuivala nkumati ndi wotchi chabe.

1. CHINTHU CHIMENE TIKUCHIUNIKA

Tisanaweruze chinthu nkoyenera kuchidziŵa. Ponena za wotchi yamtengo wapatali tikutanthauza mawotchi opangidwa makamaka ku Switzerland ndi makampani monga Patek Philippe, imene idayamba ku Geneva mu 1839, Omega, ndiponso Rolex, imene Hans Wilsdorf adaiyambitsa ku London mu 1905 naisamutsira ku Geneva mu 1919. Ambiri mwa mawotchi ameneŵa sayendera batire. M'kati mwake muli kasipuling'i kopota ndi timawilo tambirimbiri tolumana mano, ndipo ena amadzipukusa okha munthu akamayendetsa mkono. Luso la amisiri ake nlodabwitsa, ndipo sitifuna kulinyoza.

Koma tiyenera kunena mosabisa kuti mawotchi ameneŵa sagulidwa chifukwa chosunga nthaŵi molondola. Bungwe la ku Switzerland loyesa mawotchi limalola wotchi yotero kuchedwa ndi masekondi 4 kapena kufulumira ndi masekondi 6 patsiku, nkuipatsabe chikalata chaulemu. Pa 25 Disembala 1969 kampani ya Seiko ya ku Japan idatulutsa wotchi yoyamba yapamkono yoyendera batire ndi kamwala ka quartz. M'mawotchi a mtundu umenewu a masiku ano kamwalako kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi imodzi, ndipo wotchi ya pulasitiki ya Casio F-91W, imene idatuluka mu 1989, imasokoneza ndi masekondi pafupifupi 30 okha pamwezi wathunthu. Kunena kwina, kawotchi kamene mwana wa sukulu angagule pamsika kamauza nthaŵi molondola kuposa wotchi ya nduna.

Zimenezi zidatsala pang'ono kupha malonda a ku Switzerland. Ogwira ntchito yopanga mawotchi kumeneko adali pafupifupi 90,000 mu 1970, koma pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 adatsala pafupifupi 30,000. Makampani amene adapulumuka adachita kusintha katundu wao: adaleka kugulitsa nthaŵi nayamba kugulitsa ulemu. Kuyambira mu 1996 Patek Philippe idakhala ikuuza ogula kuti wotchi yake munthu sakhala mwini wake kwenikweni, amangoisungira mbadwo wam'tsogolo. Wophunzira zaumulungu aliyense azindikira kuti apa amalonda adabwereka chilankhulo cha ukapitao, chimene ife timachiphunzitsa ponena za mphatso za Mulungu, nachiveka pa chinthu chogula m'sitolo.

Nanga mtengo wake? Mu 2024 wotchi yachitsulo ya Rolex Submariner inkagulidwa pafupifupi madola 10,000 a ku Amerika. Pa mtengo wa kubanki wa chaka chimenecho, pafupifupi K1,750 pa dola imodzi, ndiye kuti K17,500,000. M'chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma adali K90,000 pamwezi. Munthu wolandira malipiro ameneŵa akadagwira ntchito zaka 16, osadya, osavala, osadwala, kuti aigule. Ndipo imeneyi ili pakhomo chabe pa nyumba ya mawotchi otere. Kumisonkhano ya anthu osonkhanitsa mawotchi mitengo imachita kuzunguza mutu: mu 2017 ku New York wotchi ya Rolex imene idali ya katswiri wa kanema Paul Newman idagulidwa madola 17.8 miliyoni. Mawotchi otero amachoka m'bokosi lachitsulo la munthu mmodzi kukaloŵa m'bokosi lachitsulo la wina, osaona dzuŵa.

2. M'MENE WOTCHI IDAFIKIRA KU GOMBE LATHU

Anthu a kunyanja ankadziŵa nthaŵi wotchi isanabwere, ndipo amaidziŵabe. Msodzi wa usipa amaŵerenga mwezi, popeza nyali zake zimakoka nsomba mwezi ukakhala kumdima. Ukamaŵala ndiyo nthaŵi yosoka chilimira. Amadziŵanso nyengo ya mwera, pamene bwato liyenera kukhala pamtunda. Amai ogula nsomba amadzuka atambala oyamba nafika padoko nthanda isanazime, pakuti wochedwa amapeza usipa utatha. Asilamu, amene ali ambiri m'tauni ya Nkhotakota chiyambire nthaŵi ya a Jumbe, amagaŵa tsiku pasanu potsata dzuŵa: m'bandakucha, litangopendeka, chakumadzulo, litangoloŵa, ndi usiku.

John Mbiti, m'buku lake la 1969 lotchedwa African Religions and Philosophy, adaphunzitsa kuti Mwafrika amapima nthaŵi ndi zochitika, ndiponso kuti tsogolo lakutali silikhala m'maganizo mwake. Mfundo yoyambayo gombe lathu limaivomereza. Yachiŵiriyo imagwa msanga: munthu amene amabzala mango odzadya adzukulu ake, kapena kugulitsa mpunga kuti mwana amalize sukulu patapita zaka khumi, tsogolo lakutali amalidziŵa bwino lomwe. Tanena izi kuti pasakhale woganiza kuti wotchi idabweretsa nthaŵi kwa anthu amene adalibe.

Mwa mawotchi oyamba amene tingathe kuŵatchula pa gombe lino muli a David Livingstone, amene adafika ku Nkhotakota mu Seputembala 1863 nakumana ndi Jumbe. Iye ankayenda ndi mawotchi olondola kwambiri osunga nthaŵi ya ku Greenwich. Poyerekeza nthaŵi imeneyo ndi ya dzuŵa la pamalo pamene wafika, ankatha kudziŵa kuti ali pati pa dziko lapansi, pakuti mphindi 4 zilizonse zimaimira digiri imodzi. Ku Nkhotakota dzuŵa limafika paliwombo maola aŵiri ndi mphindi pafupifupi 17 lisanafike paliwombo ku Greenwich. Wotchi yotero idali yamtengo wapatali ndithu, komabe idali chida, monga nkhafi kwa mpalasi. Mtengo wake udali m'ntchito yake.

Pambuyo pake kudabwera belu. Mishoni ya Aanglikani idakhazikika ku Nkhotakota mu 1894, ndipo mamishoni onse, kuphatikizapo athu, adaphunzitsa anthu kuyendera ola: ola la mapemphero, ola la sukulu, ola la chipatala. Lewis Mumford adalemba mu 1934 kuti mwambo woyendera koloko udakulira m'nyumba za amonke a Benedikito woyera, amene ankagaŵa tsiku potsata maola a mapemphero. Ngati nzoona, ndiye kuti ife a Mpingo sitili alendo pa mlandu umenewu: ndife tidaimika belu pakati pa mudzi.

Koma wotchi yapamkono idaloŵa m'mudzi kudzera ku Joni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalaŵi opitirira 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera mu Wenela. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nipha Amalaŵi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda adaimitsa ulendowo; udayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, nkutha mu 1988. Wobwera kumeneko ankadziŵika ndi bokosi, njinga, wailesi, jekete ndi wotchi. Tiyenera kulingalira chimene wotchiyo inkatanthauza. Pansi pa mgodi palibe dzuŵa, palibe tambala. Munthu amene adakula akuŵerenga thambo adaphunzira kumeneko kuti maola ake ali ndi mwini wina amene adaŵagula. Mu 1970 South Africa idatulutsa matani pafupifupi 1,000 a golide, kuposa magaŵo aŵiri mwa atatu a golide wa dziko lonse lapansi. Atate athu adakumba golide woveka mikono ya ku Geneva ndi London, iwo nkubwerera ndi wotchi yachitsulo, ambiri ndi fumbi la miyala m'mapapo. Mu 2018 mpamene makampani a migodi adavomera kulipira marandi 5 biliyoni kwa odwala matenda a fumbilo ndi chifuŵa chachikulu, ambiri mwa iwo atagona kale.

3. KODI TIMAIONA KANGATI, NDIPO PA MKONO WA YANI?

Munthu akayenda lero kuchokera ku Benga, kudutsa pa Chia ndi pa boma mpaka ku Dwangwa, chinthu choyamba chimene adzazindikire nchakuti mikono yambiri ilibe kanthu. Ofuna kudziŵa ola amatulutsa foni m'thumba. Tsono popeza foni idalanda ntchito ya wotchi, wotchi idatsala ndi ntchito imodzi yokha, yonena kuti woivalayo ndani. Pa mawotchi onyezimira amene timakumana nao, tikuona mitundu itatu.

Mtundu woyamba ndi wotchi yakufa. Pa tchalitchi china chakumudzi pali gogo wina amene adapita ku Joni ali mnyamata. Lamulungu lililonse amavala jekete ndi wotchi imene idaima zaka zambiri zapitazo. Mukaŵafunsa nthaŵi amayang'ana kumwamba, nakuuzani mosalakwa. Palibe bodza pamenepa, pakuti mudzi wonse ukudziŵa kuti wotchiyo siyenda. Iwo amaivala ngati umboni wakuti adapita, adavutika, nabwerako ndi moyo. Wotchi yotere timaipatsa ulemu.

Mtundu wachiŵiri, umene uli wochuluka koposa, ndi wotchi yonamizira. Ili ndi dzina la Rolex kapena Omega ndi mtundu wa golide, koma idagulidwa pamsika ku Lilongwe, kapena idabwera m'chikwama kuchokera ku Johannesburg kapena Dar es Salaam, pa mtengo wosapitirira wa nsapato. Timaiona pa maukwati ndi pa zinkhoswe, pa mkono wa mnyamata amene wangobwera kumene kuchokera kunja, ndiponso pa mikono ya alaliki ena amene amalonjeza chuma kwa onse opereka mooloŵa manja.

Mtundu wachitatu ndi wotchi yeniyeni, ndipo imeneyi tingathe kutha zaka osaiona. Akatswiri a zamalonda amati Rolex imapanga mawotchi opitirira pang'ono miliyoni imodzi pachaka, pa dziko la anthu 8 biliyoni, ndipo mawotchi ambiri a ku Switzerland amapita ku Amerika, ku Asia ndi ku Ulaya. Gaŵo lofika ku Afrika nlaling'ono kwambiri. Alendo ofika m'malo ogona a m'mbali mwa nyanja kaŵirikaŵiri amaisiya kwao, ndipo ngakhale ku Johannesburg eni ake amaibisa poopa magulu a mbala amene amatsata anthu chifukwa cha wotchi. Ikafika kuno imabwera pa galimoto ya magalasi akuda mumseu wa M5, makamaka nyengo ya chisankho kapena tsiku lotsegulira chitukuko, nichokanso dzuŵa lisanaloŵe. Motero tikupeza chodabwitsa ichi: imene imaoneka njabodza, ndipo yeniyeni imabisika.

Thorstein Veblen, m'buku lake la 1899 lotchedwa The Theory of the Leisure Class, adaphunzitsa kuti chuma pachokha sichibweretsa ulemu mpaka chitaonetsedwa, ndipo kuti njira yochionetsera ndiyo kumwaza ndalama pa zinthu zosafunika. Wotchi yodula yosunga nthaŵi moperewera ikugwirizana kwambiri ndi maganizo ameneŵa. Komabe tikaŵayesa pa gombe lathu, tikupeza kuti akuperewera paŵiri.

Poyamba, chizindikiro chimafuna wochiŵerenga. Msodzi sangathe kusiyanitsa Patek Philippe ndi wotchi ya pamsika; chimene amaona ndi kunyezimira. Wotchi yeniyeni imalankhula kwa olemera okhaokha, amene amadziŵana mitengo. Kwa anthu a m'mudzi yeniyeni ndi yabodza zimanena mau amodzimodzi, akuti: ine si mnzanu. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa tidzaifuna kutsogoloku.

Kachiŵiri, pakati pathu chuma chimabala ulemu chikamagaŵidwa. Mwini chilimira amalemekezedwa chifukwa anyamata ake amadya, ndiponso chifukwa maliro akagwa iye ndiye amagula bokosi ndi kutumiza thumba la ufa kusiŵa. Ng'ombe, bwato ndi nkhokwe ndi chuma chimene ena angathe kudyako. Wotchi sitheka kugaŵa. Imathera pa mkono umodzi. Nchifukwa chake m'malo mwa ulemu umene Veblen ankayembekeza, kaŵirikaŵiri imadzutsa funso lakuti: kodi adazitenga kuti? Akuluakulu amanong'onezana za kukhwima, achinyamata amakumbukira kubedwa kwa ndalama za boma kumene kudaululika mu 2013. Onse amadziŵa mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amaombera m'manja, koma mtima uli kwina.

4. WOTCHI NDI KUDIKIRITSA

Pali chinthu china chimene mabuku aja sadachione, koma aliyense wokhala kumudzi amachidziŵa: munthu wa wotchi yonyezimira koposa ndiye amafika mochedwa koposa. Tidakhalapo pa mwambo wina wopereka midadada ya sukulu. Anthu adauzidwa kuti asonkhane 9 koloko m'maŵa. Ana adakhala padzuŵa, amai adavina mpaka mau kusasa, mafumu adasinza pamipando. Mlendo wolemekezeka adafika itadutsa 2 koloko, osapepesa, ndipo pamene a nyakwaŵa ankalankhula iye ankangoyang'ana pamkono, posonyeza kuti ali ndi kwina kofunika. Tsiku limenelo tidamvetsa kuti wotchi ija inkauza anthu kuti nthaŵi yake njodula ndipo yao njaulere.

Augustino woyera, m'gaŵo la 11 la buku lake la Confessiones, adafufuza mozama za chikhalidwe cha nthaŵi, napeza kuti timaipima mumtima mwathu, pokumbukira zakale, pokhala tcheru pa zatsopano, ndi poyembekeza zam'tsogolo. Ngati nthaŵi ili mumtima mwa munthu, ndiye kuti kumdikiritsa munthu popanda chifukwa ndi kumlanda gaŵo la moyo wake. Ndipo kwa mmphaŵi tsiku ndilo chuma chake chonse. Mai amene wakhala padzuŵa maola asanu wataya ganyu wa tsikulo, ndiye kuti wataya ndiwo za ana ake.

Apa tisafulumire kuloza chala kwa andale, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Kodi ndi kangati tidalengeza Misa ya 8 koloko pa tchalitchi chakumudzi, ife nkufika 11 koloko, pamene okalamba adanyamuka usikusiku ndi njala kuti adzalape ndi kulandira Ukaristia? Nthaŵi zina mseu ndiwo umatichedwetsa, mitsinje ikadzaza. Koma nthaŵi zina tidangodziŵa kuti atidikira, chifukwa popanda ife palibe Misa. Ndi kangati tidayang'ana pamkono wodwala akali kulankhula? Tchimo limeneli silifuna wotchi ya ku Geneva. Ya pulasitiki yomwe imakwanira. Koma wotchi ikakhala yodula, imachita kulilengeza.

5. MKONO WA WANSEMBE

Pa Misa, pamene wansembe akweza Mkate ndi Chikho, malaya amatsetsereka ndipo mkono umaoneka. Nthaŵi imeneyo maso a mpingo wonse ali pa manja ake. Ife tidaphunzira kuti sakramenti ndi chizindikiro chooneka cha chaulere chosaoneka, ndipo kuti Ambuye adasankha zinthu wamba, madzi, mkate, vinyo ndi mafuta, kuti zisenze chinthu choposa mtengo uliwonse. Wotchi yonamizira imachita zotembenuza zake: maonekedwe aakulu osenza chabe. Wotchi yeniyeni nayo imasonyezadi chinthu choona, koma chinthucho ndi phompho lokhala pakati pa woivala ndi oiona. Kuika chizindikiro chotero pafupi ndi Mkate wonyemedwa kuti onse adye ndiko kulalika maulaliki aŵiri otsutsana pa nthaŵi imodzi.

Kuti zimenezi si nkhambakamwa, mbiri yaposachedwa ikuchitira umboni. Mu 2012 anthu a ku Russia adazindikira kuti pa chithunzi china cha Patriarch Kirill wa ku Moscow wotchi ya Breguet, ya mtengo wa madola pafupifupi 30,000, idafufutidwa pamkono pake, koma wofufutayo adaiŵala chithunzithunzi chake pa tebulo lonyezimira. Ofesi ya Mpingowo idapepesa. Sitikutchula izi ponyoza abale athu a Orthodox, pakuti nafenso tili ndi chilonda: mu 2014 Papa Fransisko adalandira kutula pansi udindo kwa Episkopi wa ku Limburg ku Germany, nyumba ya dayosizi itadya mayuro 31 miliyoni. Phunziro la chithunzi chija nlakuti amene adafufuta wotchiyo ankadziŵa yekha kuti ikutsutsana ndi mtanda wa pachifuŵa.

Mpingo sudakhale chete pa nkhani imeneyi. Mu Novembala 1964 Papa Paulo VI adatula chisoti chake chaufumu pa guwa nachipereka chifukwa cha amphaŵi. Pa 16 Novembala 1965 aepiskopi pafupifupi 40 adasonkhana m'manda akale a Domitilla ku Roma nalonjeza kuleka maonekedwe a chuma m'zovala ndi m'zizindikiro za golide ndi siliva. Chikalata cha Msonkhano wachiŵiri wa ku Vatikano chonena za ansembe, Presbyterorum Ordinis, pa nambala 17, chimaŵapempha kupewa chilichonse chimene chingathaŵitse amphaŵi, ndipo lamulo 282 la Malamulo a Mpingo a 1983 limaŵauza kukhala moyo wosalira zambiri ndi kuleka zonse zooneka ngati kudzitama. Papa Fransisko ankavala wotchi wamba ya pulasitiki. Kwathu kuno, kalata ya Aepiskopi ya nyengo ya Lenti imene idaŵerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 idadzudzula kukula kwa mpata wa pakati pa olemera ndi osauka, ndipo anthu adaimvera, mwa zina, chifukwa oiŵerengawo ankaoneka ngati a mbali yao.

Tsono timve zimene ena angatiyankhe. Wina adzati: ndidachita kupatsidwa. Nzoona, ndipo kukana mphatso pamaso pa woipereka si ulemu. Koma kulandira ndi kwina, kuvala pa guwa ndi kwina. Komanso tidzifunse kuti woperekayo akugula chiyani, pakuti wansembe wovala wotchi ya munthu wandale adzavutika kutsegula pakamwa tsiku limene munthuyo adzalanda malo a anthu m'mbali mwa nyanja. Wina adzati: yangayi njabodza, ndidaigula motchipa. Pamenepa tikumbuke mfundo ija tidaisunga: akhristu athu sasiyanitsa, ndipo chokhumudwitsa nchimodzimodzi, taonjezapo chabe bodza. Wina adzakumbutsa za mai wa ku Betaniya amene adathira mafuta odula pa Ambuye, ndi kuti wodandaula za mtengo wake adali Yudasi. Koma mafuta aja adathiridwa pa Khristu, sadathiridwe pa atumwi. Kukongoletsa chikho cha Misa ndi kukongoletsa mkono wochigwira ndi zinthu ziŵiri zosiyana.

Yankho lolemera koposa ndi lakuti: bwanji kulimbana ndi wotchi pamene wansembe ali ndi galimoto, foni yodula ndi nyumba ya magetsi? Ameneyu wanena zoona, ndipo sitimutsutsa. Kusiyana kwake nkwakuti galimoto imanyamula odwala ndi maliro, pamene wotchi yodula sinyamula munthu. Komabe tivomere kuti munthu angathe kuvala pulasitiki pamkono, mtima uli wa golide wobisika. Pa chifukwa chimenechi sitikupempha lamulo latsopano loletsa mawotchi m'seminale. Ku Geneva, m'nthaŵi ya John Calvin, malamulo adaletsa kuvala zokometsera zagolide, ndipo amisiri a golide adatembenukira ku ntchito yopanga mawotchi, popeza wotchi inkaoneka ngati chida chofunika. Pofika mu 1601 adali ndi bungwe laolao. Lamulo loletsa kudzitama ndilo lidathandiza kubala wotchi yodzitamira. Kudzikuza kukatsekeredwa pakhomo kumaloŵera pazenera, ndipo mankhwala ake ndi kutembenuka mtima. Kalata ya Yakobo woyera, pa mutu 2, imadzudzula mpingo umene umapatsa mpando wabwino munthu wa mphete yagolide nuimika mmphaŵi kumbuyo. Nanga zikhala bwanji ngati wovala golideyo ndi mtsogoleri wa mapemphero amene?

MAU OTSIRIZA

Tibwerere ku funso la mnzathu uja pakhonde. Wotchi yeniyeni yamtengo wapatali kuno kunyanja sitiiona kaŵirikaŵiri, ndipo mwina ambiri a ife tidzafa tisanaigwire. Koma njala yake ili pakati pathu, ndipo yayamba kugogoda pa chitseko cha nyumba za ansembe. Kwa abale athu amene ali m'seminale tikuti: khalani ndi wotchi, ndipo ikhale yoyenda bwino, ikhale yotero kuti mutaivula nkupatsa katekisiti wanu, iye aivale osachita manyazi, inunso osamva kuŵaŵa. Koposa zonse muimvere pamene ikukuuzani kuti anthu akukudikirani, ndipo muiiŵale pamene mwakhala pambali pa wodwala.

Makolo athu ena, potchula wotchi, ankati ulonda. Mauŵa ngoyenera kuŵasinkhasinkha. Mlonda sakhala maso chifukwa cha iye mwini. Amachezera kuti ena agone mwamtendere. Mneneri Ezekiele adaikidwa kukhala mlonda wa anthu ake, ndipo udindo womwewo tidaulandira pa tsiku limene Episkopi adatisanjika manja. Msodzi amene wachezera panyanja usiku wonse, akabwera ku Misa Lamulungu m'maŵa maso ali psuu, ali ndi ufulu wopeza wansembe wake atafika kale, ndiponso wopeza kuti pa manja okweza Mkate palibe china chokopa maso koposa Mkatewo.